Che Twaibu, Woyeza Marimu wa Tsidya la Msewu

Lamulungu lapitali ndinapita ku arobaini ya Che Twaibu, mwambo umene Asilamu amachita pakatha masiku makumi anayi munthu atamwalira. Ine ndine Mkatolika wa ku Kabwazi, ndiye ndinakhala kumapeto kwa mkeka n'kumamvetsera mapemphero amene sindinatolepo liwu ndi limodzi lomwe. Nthawi ya mpunga itakwana, mwana wawo wamkulu anabwera kudzandipatsa moni ndi manja onse awiri.

"A Phiri, mwachita bwino kubwera. Bambo ankakutchulani kuti ndinu anzawo."

Ndinangoti zikomo. Ine sindinali mnzawo wa Che Twaibu. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ndinali munthu wa tsidya lina la msewu, wogwira ntchito yofanana ndi yawo, wowachitira nsanje kuyambira potsegula mpaka poweruka. Amene ankawakonda ananena kale zawo pamaliro. Zanga ndi za munthu wa kaduka, ndipo wa kaduka amaona zambiri chifukwa sachotsa maso.

Tonse tinali a matayala pa Dedza boma, m'mbali mwa msewu waukulu, iwo tsidya lawo, ine langa. Kumata tayala, kupopa mpweya, kusintha gudumu, zimenezo aliyense amatha, ndipo pa changu ndinkawaposa. Kusiyana kunkaoneka munthu akafuna kusintha maonekedwe a galimoto yake. Masiku ano wogula galimoto sakhutira ndi magudumu amene yabwera nawo. Uyu afuna marimu onyezimira, zitsulo zija zovekapo tayala, uyo matayala otambalala, mlimi wa kachewere afuna pikapu yake ikwere m'mwamba kuti isamakhule pansi potsika ku Mphunzi. Onsewa ankayamba aima kwa Che Twaibu. Kwa ine ankawoloka akapeza kuti mzere watalika.

Anali munthu wamfupi, wa ndevu zoyera zosachuluka, wovala ovolosi ya buluu ndi kachipewa koyera kamene sikankada ngakhale ankakhalira pansi pa magalimoto. Dzanja lawo lamanzere linalibe zala ziwiri. Ali mnyamata ankagwira ntchito pa malole opita ku Beira, ndipo tsiku lina rimu ya lole inaphulika akupopa tayala. Nkhaniyi sankaikonda. Wina akafunsa za zalazo ankangoti anazisiya ku Mozambiki zikudikira chenji.

Galimoto ikaima, mwini wake ankayamba kufotokoza zimene akufuna, koma iwo sankamvetsera. Ankamudula pakamwa ndi mafunso awo atatu: galimotoyi imagona kuti, imanyamula chiyani, ndipo imakweza ndani. Munthu akati imagona ku Chongoni, nkhani ya matayala opyapyala nthiti inkathera pomwepo. Ankati tayala lotero ndi nsapato ya mu ofesi, ndipo amene amapita nayo kudimba asadandaule akabwerako wosavala.

Kuyeza kwawo kunali kwa munthu wosathamangira kulikonse. Ankayamba ndi kusamba m'manja ngati akufuna kudya. Kenako ankagwada pa thumba la feteleza n'kupukuta m'nthiti mwa tayala ndi chala chachikulu mpaka manambala aoneke. Ankati tayala lili ndi mayina atatu ngati munthu. Loyamba limanena kutambalala kwake, lachiwiri kutalika kwa nthiti yake, lachitatu kukula kwa rimu imene lingavale. Mwini galimoto akatchula nambala yomaliza yokha, kuti yanga ndi fifitini, ankamuuza kuti wangotchula mfunda, ndipo a Banda alipo ambiri.

Wofuna rimu yaikulu ankamuonetsa ndi chingwe. Ankakulunga chingwe pa tayala lakale, n'kumanga mfundo pamene chakumana, kenako n'kuchikulunga pa latsopano. Mfundo ikalephera kufika kapena ikapitirira kwambiri, ankapukusa mutu. Rimu ikakula, nthiti ya tayala iyenera kufupika kuti gudumu lonse likhale la msinkhu womwewo. Kupanda kutero, tayala limakhula m'madigadi pokhota, ndipo muvi wosonyeza liwiro umayamba kunama. Akatha apo ankagoneka rimu chafufumimba, n'kuyala kansungwi kowongoka pamwamba pake, n'kuyeza kuya kwake ndi rula ya ana asukulu, kuti adziwe ngati ilowe m'kati kukakhudza mabuleki kapena ituluke kunja ngati dzino la njiri.

Koma chuma chawo chenicheni chinali makatoni. Galimoto ya mtundu watsopano ikabwera, ankachotsa gudumu, n'kukanikiza chidutswa cha katoni ya sopo pa mabauti, n'kugogoda pang'onopang'ono mpaka mabauti aboole. Katoniyo ankaidula mozungulira n'kuikoloweka pa waya. Pofika chaka chino analipo oposa zana. Munthu akabwera ndi rimu yogula kwina, iwo ankangosankha katoni, kuiika pa mabowo a rimuyo, n'kusuzumira kuwala. Kuwala kukatsekeka ngakhale pang'ono pa bowo limodzi, basi, rimuyo sikwera. Makatoniwo sankalola aliyense kuwagwira, ngakhale ana awo. Tsiku lina ndinadzichepetsa n'kukapempha kubwereka imodzi. Anandiyang'ana n'kundiuza kuti sopo amagulitsa pa golosale iliyonse. Ku arobaini kuja ndinamva kuti ana awo anasonkhezera moto makatoni onse pa tsiku la maliro, poganiza kuti ndi zinyalala. Zinandiwawa, koma sindinama, penapake mumtima munazizira.

Ine ndinali ndi tepi yachitsulo, choyezera mamilimita chimene ndinakagula ku Lilongwe, ndipo pambuyo pake foni yokhala ndi manambala a galimoto iliyonse ya padziko. Ndinalembetsa chikwangwani chachikulu, chofiira, chonena kuti katswiri wa marimu ali pano. Iwo analibe chikwangwani. Anthu ankaima pansi pa chikwangwani changa n'kundifunsa kuti kodi madala oyeza marimu aja amapezeka pati. Ndinkawalozera ndi mlomo. Mayi a kunyumba ankandiuza kuti khosi langa lidzapindika ndi kuyang'ana tsidya, ndipo ankanena zoona, chifukwa ndinkadziwa galimoto iliyonse imene yaima kumeneko kuposa zimene zaima kwa ine.

Musaganize kuti anali mngelo. Anali ndi matama, ndipo lilime lawo linali lakuthwa. Mlimi wina wa ku Mphunzi anamuchititsa manyazi pamaso pa mkazi wake, pomuuza kuti akufuna matayala aakulu osati chifukwa cha msewu koma kuti azipakira matumba makumi anayi pa galimoto ya matumba makumi awiri. Munthuyo anachoka akutukwana, koma patatha mwezi anabwereranso kwa iwo omwewo. Zimenezi ndi zimene zinkandidwalitsa. Ine ndinkasekerera makasitomala, kuwapatsa mpando, kuwagulira chimanga chootcha, koma iwo ankakonda kukakalipidwa tsidya.

Mkangano wathu waukulu unali wa liwu limodzi. Lachisanu lililonse masana ankatseka kupita ku mzikiti. Akapeza anthu akudikira, ankawauza mokweza, kuti ndimve, "Pitani kwa a Phiri akupopereni mpweya, koma za marimu mundidikire." "Koma" ameneyo ndinamumeza zaka zambiri. Tsiku lina ndinawoloka msewu sipanala ili m'manja.

"Madala, ngati simukufuna kunditumizira anthu, lekani. Koma musamandinyoze pamaso pa makasitomala."

"Ndanyoza pati?"

"Mukuti ine ndi wa mpweya basi."

Anavula magalasi awo n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa ovolosi. "A Phiri, manja anu ndi abwino kuposa anga. Vuto lanu ndi lakuti mumayeza mukudziwa kale yankho limene mukufuna."

Ndinawatukwana mawu amene sindingawalembe pano. Tinatha miyezi itatu osapatsana moni, ndipo Lachisanu lililonse m'miyezi imeneyo "koma" uja ankamvekabe.

Anamwalira m'mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno kutafika poti madzi a m'chidebe amaluma zala. Anadwala chibayo masiku anayi okha. Tsikulo ine ndinali ku Lilongwe kukagula matayala, ndipo pobwerako madzulo ndinapeza ataikidwa kale, poti anzathuwa sagoneka maliro. Wogulitsa chimanga chootcha ndiye anandiuza ndikutsika minibasi. Ndikuvomera pano zimene sindinauze ngakhale abambo mfumu: chinthu choyamba chimene chinabwera m'mutu mwanga sichinali chisoni, chinali makasitomala awo. Chisoni chinabwera pambuyo pake, pamodzi ndi manyazi, ndipo chinabwera ndi nkhani ya ukwati wa Limbani.

Limbani ndi mwana wa mlongo wanga. Anakhala ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo zaka zinayi zapitazo anabwera kudzakwatira mtsikana wa kwathu ku Kabwazi. Anabwera ndi galimoto yakuda ya ku Japan, m'buti muli marimu anayi a mainchi eyitini, owala ngati ndalama zatsopano. Ankafuna mkwatibwi akwere galimoto imene anthu a m'mudzi adzaikambe mpaka chaka chamawa. Nkhoswe ya ukwatiwo ndinali ine.

Lachitatu m'mawa, ukwati uli Loweruka, ndinaona galimoto yakuda ikuima tsidya. Anatuluka Limbani, n'kutsegula buti, n'kuyamba kutsitsa marimu pamaso pa Che Twaibu. Mwana wa mlongo wanga, amene ndinamulipirira sukulu, anadutsa chikwangwani cha amalume ake n'kukaima kwa munthu wina. Ndinali ndikupopa tayala la njinga ya kabaza, ndipo ndinapopa mpaka chubu chinaphulika.

Che Twaibu anayeza pafupifupi ola lathunthu. Ndinaona chingwe, ndinaona kansungwi, ndinaona katoni ikuikidwa pa rimu kawiri, katatu. Kenako anaimirira n'kukasamba m'manja. Limbani anabweza marimu m'buti mokwiya, n'kutembenuza galimoto kubwera kwa ine.

"Amalume, madala aja akana."

"Unapitiranji kumeneko?"

"Anthu anandiuza kuti ndiwo amadziwa. Pepani amalume. Akuti marimu awa ndi a galimoto ya ku Jeremani. Mabowo alipo asanu, mabauti alipo asanu, koma akuti akusiyana ndi mamilimita awiri. Awiri okha! Kodi mamilimita awiri ndi chiyani?"

Ndinatenga choyezera changa. Mabowo a rimu anali pa mamilimita 112, mabauti a galimoto pa 114 ndi kakang'ono. Ndinayezanso, zinali zomwezo. Foni nayo inanena zomwezo. Ndinadziwa kuti Che Twaibu sanalakwe. Koma nditakweza maso ndinawaona ataima pakhomo pa shedi yawo, manja kumbuyo, akuyang'ana kuno. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezo, munthu amene iwo anamukana anali m'manja mwanga, ndipo anali wa magazi anga.

"Ukalamba ndi umenewo," ndinamuuza Limbani. "Tsitsa marimuwo."

Ndinatenga tupa n'kukuza mabowo pang'ono. Marimu anakwera mokakamiza. Manati sankakhala bwino, ankapendekeka, ndiye ndinalowetsa paipi ku sipanala n'kukwerapo ndi phazi mpaka onse anati gwa. Galimoto itatsika pa jeke inaoneka ngati ya nduna. Anyamata a kabaza anasonkhana n'kumaimba mluzu, Limbani akujambula ndi foni.

Dzuwa litapendeka, Limbani atapita, Che Twaibu anawoloka msewu. Sankawoloka kawirikawiri. Anandiitanira kuseri kwa mulu wa matayala kuti anthu asamve.

"A Phiri, nati ikakhala mopendekeka imaluma bauti mbali imodzi. Pa tala mwina iyenda. Pa miyala ya kwanu kuja sindikudziwa."

"Madala, aliyense adye za tsidya lake."

"Mukweramo ana a anthu."

"Ndati aliyense adye za tsidya lake."

Anabwerera tsidya lawo. Lachinayi ndi Lachisanu galimoto ija inapita ku Kabwazi n'kubwerako kangapo, itanyamula mpunga, mafuta, mipando ndi makireti a zakumwa pa msewu wa fumbi. Nthawi iliyonse ikadutsa pa boma ikunyezimira ndinkayang'ana tsidya, kuti aone.

Loweruka m'mawa galimoto zitatu zinasonkhana pamalo panga, poti ulendo wokatenga mkwatibwi unkayambira pamenepo. Nkhungu inali isanachoke m'phiri. Galimoto yakuda anali ataikongoletsa ndi maliboni oyera ndi maluwa apulasitiki. Amayi a chitenje cha ukwati ankaimba n'kumaomba m'manja, mlongo wanga ali patsogolo. Ine ndinali mu suti. Limbani ataliza injini, tinaona Che Twaibu akuwoloka msewu, jeke kudzanja ili, kampando kudzanja ilo. Anaika kampando kutsogolo kwa galimoto, pakati penipeni, n'kukhalapo.

Nyimbo inatha. Limbani analiza hutala, koma iwo sanasunthe. Anatuluka m'galimoto.

"Agogo, n'chiyani? Tichedwa ku tchalitchi."

"Ndione gudumu limodzi lokha, mwanawe."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anafunsa kuti kodi madalawa alusa ndi chiyani. Ndipo ine, nkhoswe ya ukwati, mu suti yanga, ndinayankha mokweza kuti onse amve.

"Nsanje basi! Ntchito anaikana okha, ine ndaigwira, ndiye zikuwapweteka."

Liwu lija linagwira ngati moto wa pa udzu wouma. Amayi anayamba kukuwa kuti madala a nsanje, achoke. Mnyamata wina wa kabaza anagwira kampando kuti awagwetse. Wina anati Asilamu safuna maukwati a ku tchalitchi, ndipo mawu amenewo ndinawamva, osawatsutsa. Che Twaibu anagwira kachipewa kawo kuti kasagwe, n'kudikira phokoso lichepe.

"Ndinyozeni, palibe kanthu. Gudumu limodzi lokha. Likapezeka lili bwino, ndipepesa pamaso pa nonsenu, ndipo shedi yanga nditseka mwezi wathunthu."

Mwezi wathunthu! Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Mlongo wanga ndiye anadula nkhani. "Asiyeni aone, nthawi ikutha. Akaona achoka."

Anagwada pa fumbi pa gudumu la kutsogolo kumanzere. Sanayambe n'komwe kukweza jeke. Anaika sipanala pa nati yoyamba n'kukankha pang'ono ndi dzanja lawo la zala zitatu lija. Natiyo inangogwa pansi, kachidutswa ka bauti kali m'kati mwake. Anaika pa yachiwiri, nayo inagwa. Yachitatu inalimba. Yachinayi inatembenuka kamodzi n'kuthyoka. Gudumu lonse linali litagwira pa mabauti awiri.

Che Twaibu anatola zidutswa zija n'kuziika m'dzanja la Limbani. Iye anaziyang'ana, kenako anayang'ana ine.

"Amalume?"

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Mlongo wanga anali atagwira pakamwa. Ndinadziwa kuti dzina langa pa Dedza lathera pamenepo, ndiponso kuti kwathu ku Kabwazi ndidzakhala munthu amene anatsala pang'ono kupha mkwatibwi.

Che Twaibu anaimirira pang'onopang'ono akugwira bondo.

"Wolakwa ndi amene anakugulitsa marimuwa ku Joni, n'kukuuza kuti akwana," anamuuza Limbani. "Ine ndi amalume akowa tinakambirana Lachitatu lomwe lija za mabautiwa. N'chifukwa chake ndabwera kudzaona musananyamuke." Kenako anatembenukira kwa ine. "A Phiri, mabauti atsopano muli nawo m'bokosi lanu lobiriwira lija, pansi pa zigamba. Tengani. Manja anga ndi ochedwa, anu ndi achangu. Ine ndizikweza jeke."

Palibe bodza limene ananena, koma anasanja mawuwo mwakuti anthu anamva ngati tinapangana. Ndipo za bokosi lobiriwira ankadziwa bwanji? Ndinazindikira ndikuthamangira m'shedi kuti zaka zonse zimene ndinkayang'ana tsidya lawo, iwonso ankayang'ana langa.

Ndinavula jekete n'kugwada pa fumbi pambali pawo. Tinachotsa marimu onse anayi. Gudumu la kumanja nalo linali ndi bauti lothyoka. Ndinagogoda mabauti otsala n'kuwachotsa, ndinalowetsa atsopano, tinabwezera magudumu akale amene mwamwayi anali adakali m'shedi mwanga. Iwo ankandipatsa chida chilichonse ndisanachipemphe. Titamaliza anazungulira galimoto n'kuyesa nati iliyonse ndi sipanala yawo, makumi awiri onse, ine ndikuonerera. Kenako anatenga jeke ndi kampando n'kuwoloka. Amayi amene ankawakuwiza aja anayamba kuwaimbira nthungululu, koma sanacheuke.

Ukwati unachedwa ndi maola awiri. Potuluka m'mudzi kupita ku tchalitchi ndinali m'galimoto ya pambuyo. Kutsogolo kwanga munali mkwatibwi ndi tiana tinayi ta maluwa, mitu yawo ikuoneka pa galasi lakumbuyo. Pali malo ena otsetsereka, okhota, otsikira ku kamlatho. Galimoto yakuda itayamba kutsika pamenepo ndinatseka maso, ndipo m'bale wina amene anakhala pambali panga anaganiza kuti ndikupemphera.

Munthu wabwino akanawoloka msewu Lolemba m'mawa kukagwada. Ine sindinapite. Ndinkati ndipita mawa, mawa n'kukhala mkuja. Mayi a kunyumba ananyamula tambala n'kukapereka, n'kunena kuti ndawatuma ndine. Che Twaibu anawauza kuti akathokoze a Phiri. Ndipo nsanje yanga, m'malo mochepa, inakula. Kale ndinkawasirira makasitomala ndi diso lawo. Tsopano ndinayamba kuwasirira mtima. Munthu ungapikisane naye pa chikwangwani, pa kompresa yopopera mpweya, pa mitengo, koma upikisana naye bwanji amene wakuphimba maliseche iwe utangomutukwana? Kuyambira pamenepo mlongo wanga akandiimbira foni ankayamba wafunsa kuti Che Twaibu adzuka bwanji, kenako n'kufunsa za ine. Lachisanu lotsatira ukwati uja, masana, ndinamva mawu aja monga mwa nthawi zonse: pitani kwa a Phiri akupopereni mpweya, koma za marimu mundidikire. Ulendo uno sindinawoloke ndi sipanala.

Zaka ziwiri zomaliza maso awo anayamba kuchita nkhungu. Manambala a pa tayala ankawawerenga ndi chala, ngati wosaona. Ine ndinkadikira tsiku limene adzalakwitse, kuti mwina tifanane. Patatsala milungu iwiri kuti amwalire, anandikodola ndi dzanja. Ndinawapeza atagoneka rimu pansi, kansungwi kali pamwamba, rula ili m'kati, mwini galimoto ataima pambali.

"A Phiri, maso akana lero. Tandiwerengerani apa."

Ndinawerama. Rula inkasonyeza mainchi asanu ndi kota. Zinandibwerera kuti ndikhoza kunena asanu ndi theka, iwo n'kukana rimu imeneyi n'kukweza ina yolakwika, tayala n'kukhula, mbiri n'kumveka kuti madala aja atha. Maganizo amenewo anakhala m'mutu mwanga nthawi yokwanira kupuma kawiri.

"Asanu ndi kota."

"Ndinatero," anayankha, n'kutembenukira kwa mwini galimoto. "Ikwana."

Sanandithokoze, ndipo inenso sindinawathokoze pa zija. Amenewo ndiwo anali mawu athu omaliza.

Dzulo m'mawa ndinawoloka msewu. Ana awo anazula malata ndi mitengo ya shedi n'kupita nazo kumudzi, poti palibe amene anatengera ntchito ya bambo awo. Patsala simenti yong'ambikang'ambika, yakuda ndi oyilo, ndi maenje anayi m'makona momwe munali nsanamira. M'maenjemo mwadzaza makoko a mtedza ndi mapepala a maswiti. Mayi wina wogulitsa kachewere wayamba kale kusanja zidebe zake m'mphepete, ndipo atandiona anafuna kuzichotsa poganiza kuti malowo ndi anga. Ndinamuuza kuti asavutike. Chisoso chamera m'ming'alu, ndipo mbuzi ya munthu wina inagona pakati penipeni ikuwotha dzuwa.

Ndinayenda kuchokera dzenje lina kufika lina. Mapazi asanu m'litali, anayi m'lifupi. Ndinabwerezanso, poganiza kuti ndalakwitsa. Ndili tsidya langa, malo amenewa ankaoneka aakulu ngati theka la Dedza. Ndinaima pa simentipo mpaka mayi wa kachewere anandifunsa ngati ndataya kanthu.